Anati Mwamuna Wanga Akufunsira Amayi Anga

1

Ntchito yanga ndi yopima anthu maso. Tsiku lonse ndimakhala m'kachipinda ka mdima pang'ono, kuloza zilembo pakhoma n'kumafunsa kuti, "Apa mukuona chiyani?" Ndiye musadabwe ndikamadziseka, chifukwa nkhani ndikuuzeniyi inachitikira pamphuno panga penipeni ine osaona kanthu. Inatsala pang'ono kundithetsera banja.

Mwamuna wanga anthu amamutchula kuti Mawaya. Amakonza makompyuta m'maofesi, ndipo ndi wofatsa mpaka kupsetsa mtima. Samwa, sasuta, mpira saudziwa. Chibwenzi chake chinali chimodzi chokha, ndipo ndinkachidziwa. Dzina lake seva.

Seva ndi kompyuta yosagona. Yakeyo sanaionepo ndi maso, ili kutali m'chinyumba cha kampani ina yochititsa lendi makina, monga ena amachititsira lendi zipinda. Titangokwatirana ndinamufunsa kuti amasungamo chiyani.

"Simukhala kanthu," anatero uku akumasula kabawuti. "Anthu amangodutsamo."

"Kupita kuti?"

"Pali anthu osafuna kuti mapazi awo azioneka pa intaneti. Mtolankhani amene akusakidwa, mayi wothawa mwamuna wankhanza, kapena munthu wongofuna kufunsa za matenda ochititsa manyazi. Uthenga wawo umadutsa pamakomo atatu a anthu osadziwana. Khomo loyamba limadziwa amene walowa, koma silidziwa kumene akupita. Lomaliza limadziwa kumene akupita, koma silidziwa kuti ndani. Langa ndi lomalizalo."

"Ndiye inu mumapindulapo chiyani?"

"Palibe."

"Nanga akadutsapo wakuba?"

"Amadutsa ndithu. Bambo anga ayendetsa basi mpaka kupuma pantchito, sanafunsepo munthu kuti m'chikwama muli chiyani. Kungoti wolandira uthenga amaona adiresi ya khomo langa. Akadandaula, woyankha ndine."

Ndinangoti bola misala imeneyi kusiyana ndi ya mowa. Pa adiresi yakeyo anaikapo katsamba kofotokoza zonsezi, n'kulembapo dzina lake, nambala ya foni, ndi chithunzi chake atamanga tayi wa paukwati wathu. Ankanyadira ngati wamanga chipatala. Njira yobisa mapaziyo ankaiika pa makina a aliyense wosathawa msanga. Pafoni yanga ndinaichotsa chifukwa inkachedwa. Anaiikanso pa laputopu yakale imene anapatsa bambo ake, apongozi anga, amene tonse timawatchula kuti a Dalaivala. Mkazi wawo anamwalira kalekale, ndipo mwana wawo ankati aziwerengako nkhani asamasungulumwe. Magalasi owerengera ndinawapima ndine.

2

Amayi anga nawo ndi amasiye. Ali ndi nazale ya maluwa ndi mbande kuseri kwa malo otsukira magalimoto. Achimwene anga, amene timawatchula kuti a Loya ngakhale ntchito yawo ndi yogulitsa inshuwalansi, anawakonzera tsamba la pa intaneti lokhala ndi kabokosi kolembamo maoda.

Loweruka lina masana a Loya anatiitanitsa ku nazale, ine ndi Mawaya. Tinakhala pabenchi pakati pa miphika ya maluwa, mpopi ukudontha chapafupi. Amayi anatipatsa msana, akudulira masamba ouma pa duwa limene linalibe tsamba louma ndi limodzi lomwe.

"Mlongo, ugwire mtima," anatero a Loya. Anakonza kukhosi ngati ali m'khoti, n'kuyamba kuwerenga pafoni. "'Mayi a maluwa, sindikuoda kanthu. Ndangoti mudziwe kuti ndikamadutsa pa nazale yanu ndimachepetsa liwiro, ngakhale ndili wapansi.'"

Ndinagwira pakamwa.

"Wina nawu. 'Mayi a maluwa, chipewa chachikasu chija chimakukhalani. Ndinafuna kupereka moni koma mawu anandithawa.' Winanso. 'Geti lanu likulira. Ndikanakhala wolimba mtima ndikanabwera ndi mafuta.' Alipo ambirimbiri, miyezi ndithu. Dzina palibe."

Ndinaseka mpaka misozi. "Amayi, ndiye mwapeza chibwenzi osatiuza?"

"Useke bwino," anatero a Loya. "Uthenga uliwonse umasiya adiresi ya makina amene wachokera. Onsewa achokera pa adiresi imodzi. Ndailemba pafonipa, taona chimene chatuluka."

Ananditembenuzira foniyo. Ndinaona tayi wa paukwati wanga.

3

Mawaya sanagwedezeke. Anamwetulira, n'kuyamba ulaliki wake uja wa makomo atatu. Anatola miphika itatu yopanda kanthu n'kuindandalika pansi kuti alamu ake amvetse.

"Makomo otulukira ngati langa alipo ambirimbiri padziko lonse, alamu. Makina a munthu amasankha okha khomo loti adutsire, ngati mayere. Lero ili, mawa lina."

"Ngati mayere," anabwereza a Loya, akugwedeza mutu mwaulemu woopsa. "Ndiye tandithandizeni, alamu. Makomo ambirimbiriwo, miyezi yonseyi, mayere akungogwera pakhomo panu pokha? Mwayi woterewu osakauyesa pa lotale bwanji?"

Ndinayang'ana mwamuna wanga. Maso ndimawadziwa, ndi ntchito yanga. Ndinaona funso lija likumulasa, kenako ndinaona kuti wakumbukira chinachake. Mphika wachitatu uja, umene anaunyamula pofotokoza, anauika pansi pang'onopang'ono ngati muli dzira.

"Sindinalembe ndine," anatero. "Koma khomolo ndi langa. Ndiyankha."

"Walemba ndani?" ndinafunsa.

"Sindisunga mayina a odutsa. Sindisuzumira."

"Mkamwini kufunsira apongozi ake," anatero a Loya, akuyang'ana kumwamba. "Bambo athu anachita bwino kupita osaona zimenezi. Ndipo dziwani kuti ndadandaula kale ku kampani imene imakuchititsani lendiyo."

Amayi anatola chothiririra. "Basi, zikwane. Mbande zanga zikufota." Sanayang'ane aliyense wa ife, ndipo ine ndinati ndi manyazi a munthu wonyozedwa ndi mkamwini wake.

4

Akampani sanachedwe. Anauza Mawaya kuti pangano limanena poyera kuti chilichonse chotuluka pa seva ndi mlandu wa wochita lendi, kaya walemba ndi iye kaya ayi. Akonze, apo ayi amutsekera.

Anakonza tsiku lomwelo, nditaimirira kumbuyo kwake manja ali m'chiuno. Analemba mzere umodzi basi.

"Ndauza khomo langa kuti lisamatulutsenso munthu wopita ku tsamba la amayi," anatero. "Kwina konse adutse, kumeneko ayi."

Mauthenga aja analekeratu. A Loya anandiimbira foni mokondwa ngati apambana apilo. "Waona? Wakuba akagwidwa, kuba kumatha. Akanakhala munthu wina, bwenzi atadzera khomo lina."

Mfundo yawo inali yomveka, ndipo zimenezo n'zimene zinkandiwawa kwambiri. Ndinayamba kukumbukira zinthu zopanda mutu. Mmene Mawaya amadzukira pampando amayi akalowa. Mmene anawanyamulira thumba la manyowa tsiku lina popanda womutuma. Nsanje ndi matenda oipa, abale. Ndinafika poyang'ana amayi anga ondibereka n'kumaona kuti ndi okongoladi, n'kukwiya nazo.

Madzulo ena akutsuka mbale ndinamutsekera pakona.

"Simungatchere msampha pa seva yanuyo kuti tione amene amalemba?"

"Ndikhoza kusuzumira zina. Koma ndikasuzumira mmodzi ndasuzumira onse. Mayi wothawa nkhanza uja nayenso amadutsa pomwepo."

"Mayi amene simukumudziwa n'komwe. Ine mkazi wanu ndili pano."

"Ndikukuonani, mayi."

"Mukudziwa amene analemba. Ndinakuonani m'maso tsiku lija."

Anapukuta mbale imodzi mpaka kuyamba kulira. "Ndili ndi amene ndikumuganizira. Koma si nkhani yanga yoti ndiulule."

Pamenepo mtima unandikwera. "Munthu wokonda kubisa anzake ndiye kuti nayenso ali ndi chobisa. Ndinakwatiwa ndi chibowo chodutsira makoswe ine."

Anaika mbale ija pamalo pake, koma ndinaona kuti mawuwo amubaya. Mpaka lero ndikawakumbukira ndimachita manyazi.

Amayi anandiimbira m'mawa mwake. Mawu awo anali otopa ngati a munthu wosagona bwino. "Mwana wanga, usapupulume. Kuona maso a nkhono n'kudekha." Ine ndinati akubisa kanthu, ndipo ndinadula foni mwachipongwe. Munthu yekha amene sitinamuuze kalikonse anali a Dalaivala. Magazi awo amathamanga, ndiye tinagwirizana kuti zonyansa zoterezi ziwapite pambali.

5

Lachitatu lotsatira ndinaweruka msanga, n'kutsitsa sutikesi pamwamba pa wadirobu. Ndinati ndikakhale kaye kwa mnzanga mpaka mwamunayu ataphunzira kutchula dzina. Ndili mkati mopinda madiresi, ndikulira pang'ono komanso ndikusankha nsapato, ndinamva kugogoda.

Anali a Dalaivala, atavala jekete dzuwa likuswa mtengo, laputopu ili kukhwapa.

"Mwana wanga, amuna ako alipo?"

"Sanaweruke, bambo. Lowani." Sutikesi ndinaikankhira kuseri kwa chitseko ndi phazi.

Anakhala pansonga ya mpando. "Makinawa afa. Kapena ndi magalasi ako aja atha mphamvu, kaya."

Ndinaitsegula. Nkhani zinatuluka. Zanyengo zinatuluka. Ngakhale tsamba la mabasi akale limene amalikonda linatuluka bwinobwino.

"Ikugwira ntchito iyi, bambo."

"Zonsezo zikutseguka, inde. Pali tsamba limodzi lokha limene likukana. Layamba posachedwapa. Ndikalikhudza limangozungulira, kuzungulira, kenako zii."

"Tsamba lanji?"

Anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi tayi. "Lazamalonda."

"Malonda anji, bambo?"

"Za ulimi ulimi."

Ndinakhudza pamwamba polembera adiresi, makina n'kundionetsa okha tsamba limene mwini wake amapitako kawirikawiri. Inali nazale ya amayi anga. Ndinawayang'ana apongozi anga, bambo amene anayendetsa basi moyo wawo wonse, ndipo mawu aja anandibwerera m'mutu. Ndimachepetsa liwiro, ngakhale ndili wapansi.

"Bambo," ndinatero motsitsa mawu, "geti lija likulirabe."

Magalasi anagwera pamiyendo. Sindinaonepo munthu wamkulu akutuluka thukuta msanga choncho. "Mwana uja anandiuza kuti njira imeneyi siionetsa mapazi," ananong'ona.

"Anu sanaoneke. Aoneka a mwana wanu."

Ndinawafotokozera zonse, za benchi, za a Loya, za tayi. Kenako ndinakoka sutikesi ija kuti aione. Ndinkaopa kuti magazi awakwera, koma iwo anangoyang'ana madiresi anga opindidwawo.

"Ndiye wakhala akunyozedwa chifukwa cha ine, osanena kanthu?"

"Ngakhale kwa ine."

Amati nkhuyu zodya ana zimapota akulu. Kwathu zinadya akulu, n'kupota mwana.

6

Mawaya anatipeza tili choncho, ine ndikuseka ndi kulira nthawi imodzi, bambo ake atagwira chipewa pachifuwa. Anaona laputopu, anaona sutikesi, n'kukhala pansi pomwepo pakhomo.

"Tafotokozani," ndinatero. "Mayere aja anatani?"

Anakanda mutu. "Bambo ankadandaula kuti njirayi ikuchedwa. Ndiye ndinauza laputopu yawo kuti isamachite mayere, izingotulukira pakhomo langa nthawi zonse. Ndinkati zinthu za bambo anga zizidutsa pakhomo la mwana wawo. Kunyada basi. Ndinaiwala, mpaka alamu atafunsa funso lija. Padziko lonse makina omangiriridwa pakhomo langa ndi amodzi okha."

"Bwanji osabwera kudzandifunsa?" anatero a Dalaivala.

"Ndikanayamba ndi mawu ati? Kuti bambo, mwaswera bwanji, kodi mukufunsira apongozi anga?"

Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ndinamvetsa, koma ndinamugendabe ndi pilo.

A Dalaivala anaimirira n'kumanga mabatani a jekete. "Muli ndi mafuta a makina m'nyumba muno?"

Tinapita tonse atatu dzuwa lisanalowe. Ndinaimbira a Loya kuti abwere, khoti likumananso. Titafika, geti linalira monga mwa nthawi zonse, amayi n'kutembenuka, chipewa chachikasu chili kumutu. A Dalaivala sanapereke moni. Anagwada pa geti paja, kudontheza mafuta m'mahinjesi, kulitsegula, kulitseka, kulitsegulanso. Linali zii. Kenako anadzuka movutikira, mawondo akulira kuposa geti.

"Asewele," anatero, "sindikuoda kanthu."

A Loya anatsegula pakamwa, ndipo kwa nthawi yoyamba chibadwire changa simunatuluke mawu.

"Mauthenga aja ndinkalemba ndine. Mwana wangayu alibe mlandu. Mlandu wake ndi womanga khomo, wodutsapo ndinali ine. Ngati ndakunyozani, mundikhululukire, ndisiya kudutsa msewu uno."

Amayi anaika chodulira pansi, n'kupukuta manja pa epuloni kwa nthawi yaitali.

"Kuti si mkamwini wanga ndinadziwa kuyambira tsiku loyamba," anatero. "Uyu akabwera kuno amaponda mbande osaziona, ndiye angaone chipewa? Koma munthu wodutsa pageti langa m'mawa uliwonse atavala jekete, akuyang'ana kumwamba ngati akuwerenga mitambo, ameneyo ndinkamuganizira."

"Nanga bwanji simunanene, amayi?" ndinafunsa.

"Mkazi wa msinkhu wanga aloze chala asewele ake, kenako zipezeke kuti si iwo? Ndikanabisa kuti nkhope? Ndiponso ndikanati chiyani pamaso pa ana anga, kuti m'mawa ndimathamangira kabokosi kaja ndisanathirire n'komwe?" Anatembenukira a Dalaivala. "Masiku amene munasiya kulembawa ndapsereza mbande za anthu ndi feteleza. Munthu woyendetsa basi zaka zonsezo, uthenga wobwera pano mpaka uzungulire dziko lonse? Geti si ili?"

"Linkalira, asewele. Ndinkaopa kuti anthu amva."

"Pano lasiya. Lowani, mundigwirire paipi."

A Loya anasendera kwa mwamuna wanga, akukonza kolala. "Alamu, kunena zoona umboni unalipo ndithu."

"Unalipo, alamu. Funso lanu linali labwino."

"Ku kampani kuja ndikalemba kuti tagwirizana kunja kwa khoti."

7

Owerenga anzanga, mukudziwa kale kuti anthu alankhula. Ena akuti ine ndi Mawaya posachedwa tikhala pachibale, tizidzaitanana kuti achimwene ndi achemwali. Alankhule. Amayi anga ayambanso kuimba akamathirira, ndipo a Dalaivala magazi awo atsika mpaka adokotala kufunsa kuti asintha mankhwala ati.

Seva ija ikadalipo. Laputopu ya apongozi anaimasula, tsopano imachita mayere ngati ya aliyense, ngakhale eni ake saifunanso kwenikweni poti maoda awo amakaperekera pakamwa. Madandaulo amabwerabe ku kampani. Wina watukwanidwa, wina ayesa kumuthyolera tsamba, ndipo si onse amathera pa maluwa. Mawaya amakhala pansi n'kuyankha lililonse ndi dzina lake lenileni. Amafotokoza kuti wolemba si iye, amatseka njira yopita kwa wodandaulayo ngati wapempha, ndipo sasuzumira. Kale ndinkati ndi uchitsiru kuyankha milandu ya anthu osawadziwa. Tsopano ndimamuwiritsira tiyi akamayankha. Chithunzi cha tayi chokha ndicho ndinamuchotsetsa.

Sutikesi ija tinaibweza limodzi pamwamba pa wadirobu, iye atakwera pampando, ine nditagwira mpandowo. Ndinamupepesa za makoswe zija. Kenako ndinamufunsa chimene chinkandidya mumtima.

"Bambo akanapanda kubwera tsiku lija, mukanandileka ndipite?"

"Ndikanabwera tsiku lililonse kudzakupemphani kuti mubwerere."

"Koma dzina?"

Anandiyang'ana ali pamwamba pomwepo. "Dzina ayi."

Ndinafuna kugwedeza mpandowo kuti agwe. Koma ndinaganiza za zinsinsi zanga zonse zimene munthu ameneyu amadziwa, zimene ndinamuuza ndikulira, zimene ngakhale amayi sazidziwa. Ngati bambo ake sanawagulitse madzi atamufika m'khosi, inenso sadzandigulitsa. Ndiye inu amene mwapeza dzina la wokondedwa wanu pamalo oipa, funsani kaye ngati ndi mwini mapazi kapena mwini khomo, musanatsitse sutikesi. Ine ndinagwiritsa mpando uja ndi manja onse awiri mpaka anatsika.